Madzulo ndi a yani? Mpira wa atsikana kudera la fodya

Pa 28 Okutobala 2025, pa bwalo la Bingu ku Lilongwe, Faith Chinzimu anamwetsa zigoli ziwiri chakumapeto kwa masewero ndipo Malawi inagonjetsa Angola 2-0. Ku Luanda matimuwa anali atasiyana osagoletsana, choncho zigoli ziwirizo zinakwanira kutengera timu ya amayi ya Malawi, Scorchers, ku mpikisano wa amayi wa mayiko a mu Africa, WAFCON, koyamba chiyambire. Anyamata a Flames anafikako ku mpikisano wawo katatu, wa 1984, wa 2010 ndi wa 2021, ndipo ulendo uliwonse dziko linkagwedezeka. Ulendo uno anali atsikana, ndipo ngakhale abambo amene dzana ankati mpira wa akazi ndi chibwana anamveka akunena kuti "tawina".

Chisangalalo chotere chimakwirira funso. Tikamati amuna ndi akazi afanane pa masewero, tikunena chiyani kwenikweni? Ku America ndi ku Ulaya mkanganowu umazungulira pa ndalama. Ku Santhe, ku Chamama kapena ku Nkhamenya m'boma la Kasungu, nkhani imayambira kutali, ndalama zisanatchulidwe n'komwe. Imayambira pa funso loti pakhomo ndani amaloledwa kusowa kuyambira 3 koloko mpaka dzuwa kulowa popanda womufunsa komwe anali.

Ambiri amayesa kuti mpira wa akazi wabwera dzulodzuloli. Ayi ndithu. Pa 26 Disembala 1920, anthu pafupifupi 53,000 anadzaza bwalo la Goodison Park ku Liverpool kudzaonera timu ya Dick, Kerr Ladies, ya atsikana ogwira ntchito m'fakitale ku Preston. Chaka chotsatira bungwe loyendetsa mpira ku England linaletsa akazi kusewera pa mabwalo a makalabu ake, ati masewerowa sayenerana ndi thupi la mkazi, ndipo chiletsocho chinakhala zaka 50. Ku Brazil, kwawo kwa Pelé ndi Marta, boma linatseka mpira wa akazi ndi lamulo kuyambira 1941 mpaka 1979. Munthu akamanena kuti mpira wa akazi sukoka anthu, akumbukire kuti anautseka pa nthawi yomwe unkadzaza mabwalo. Chikho cha dziko lonse cha amuna chinayamba mu 1930; cha akazi chinadikira mpaka 1991 ku China.

Zaka zaposachedwazi nkhondo yakhala ya malipiro. Osewera a timu ya amayi ya America anasumira bungwe lawo la mpira, ndipo mu 2022 anagwirizana pa madola 24 miliyoni komanso kuti kuyambira pamenepo matimu onse awiri azilandira mofanana. Pa chikho cha dziko lonse cha 2023 ku Australia ndi New Zealand, FIFA inaika madola 110 miliyoni a mphoto, chikhalirecho amuna ku Qatar mu 2022 anagawana 440 miliyoni. Atsikana a Banyana Banyana a ku South Africa, amene anali akatswiri a Africa mu 2022, anakana kusewera ndi Botswana atatsala pang'ono kunyamuka ulendo wa kuchikhocho, chifukwa cha mkangano wa ndalama ndi bwalo losalongosoka limene anawapatsa. Nkhondo imeneyi ndi yoona ndipo ndimaigwirizana nayo. Koma ndi nkhondo ya anthu amene anafika kale. Bungwe loyendetsa mpira m'Malawi la FAM likalipira Scorchers mofanana ndi Flames, ndipo liyenera kutero, nkhaniyo imakhudza osewera osapitirira 30. M'boma la Kasungu lokha, kalembera wa 2018 anapeza anthu opitirira 800,000.

Kwathu kuno chiletso sichinalembedwe m'malamulo a mpira. Chinabwera kudzera mu zovala ndi m'makhalidwe. Lamulo la Decency in Dress Act la 1973 linaletsa amayi kuvala mathalauzi ndi masiketi aafupi pagulu, ndipo linachotsedwa mu 1993. Dr Hastings Kamuzu Banda, mwana wa ku Kasungu komweku, ankadzitcha Nkhoswe Nambala Wani ya amayi, ndipo mbumba zake zinkadzaza mabwalo a masewero, koma zinkapitako kukavina. Kusukulu zinthu anazigawa poyera: anyamata mpira wa miyendo, atsikana ntchemberembaye. Palibe amene ankafunsa chifukwa chake.

Ntchemberembaye ija ndiyo umboni wathu woyamba. Popeza pafupifupi sukulu iliyonse inali ndi kabwalo ndi mizati iwiri ya malupu, dziko losauka ngati lathu linatulutsa Mary Waya ndi Mwawi Kumwenda, ndipo ma Queens, timu yathu ya ntchemberembaye, anamaliza pa nambala 5 pa mpikisano wa dziko lonse wa 2007 ku Auckland. Sikuti boma linathirako chuma chambiri, ayi. Kungoti masewerowo anafika kwa mtsikana aliyense, ndipo makolo sankawaona ngati cholakwa. Mpira wa miyendo sunapatsidwe mwayi umenewo.

Ndiye Tabitha ndi Temwa Chawinga anachokera kuti? Mbiri yawo timaikonda, koma tikaiyang'anitsitsa ikutichititsa manyazi. Tabitha, wobadwa mu 1996 ku Rumphi, anayamba kusewera ndi anyamata, wopanda nsapato, makolo asakufuna. Ali wamng'ono anapita ku Lilongwe kukalowa timu ya DD Sunshine, imene inkayenda ndi ndalama za m'thumba mwa mwini wake. Ku Sweden anafikako mu 2014 chifukwa mnzake wina wochokera kunja, amene anasewera naye ku Lilongwe, anakamutchula kwa akuluakulu a katimu kakang'ono ka Krokom/Dvärsätts. Zotsatira zake mukuzidziwa: zigoli 26 mu ligi yaikulu ya Sweden mu 2017 ali ku Kvarnsveden, timu yomwe inatsika ligi chaka chomwecho; kenako China; zigoli 23 ku Inter Milan, mkazi woyamba wa mu Africa kutsogola pa zigoli mu ligi ya Italy; Paris Saint-Germain; Lyon. Mng'ono wake Temwa anamwetsa zigoli 63 m'chaka cha 2023, kuposa wosewera aliyense padziko, mwamuna kapena mkazi, Cristiano Ronaldo yemwe. Mu 2024 anamwetsa 20 ku Kansas City Current, zimene palibe anali atachitapo mu ligi ya ku America ya NWSL, ndipo timu yakeyo imasewera pa bwalo la CPKC, limene linamangidwira timu ya akazi basi.

Chotsani mnzake uja wa kunja, chotsani munthu mmodzi wa mtima wabwino ku Lilongwe, Tabitha tikanamumva? Dziko silinawakonze ana awiriwa. Linangowapeza atapsa kale. Mlimi wa ku Kasungu amadziwa kuti belo limene likugulidwa bwino ku msika wa fodya wa Chinkhoma linayambira pa nazale miyezi yambiri m'mbuyo. Ife pa mpira wa akazi tikuombera m'manja mabelo awiri atatu, nazale tilibe.

Tiyeni tsopano tifike kumene fodyayo amalimidwa. Kalendala ya mbewu imeneyi siisiya mpata. Mu Seputembala ndi Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, nazale imafuna madzi m'mawa ndi madzulo. Mvula ikagwa ndiye kuwokera, kupalira, kuthira feteleza, kubandira. Fodya akayamba kukhwima cha mu Febuluwale, ntchito imasamukira kuchigafa. Kuthyola amathyola onse, koma kusoka kawirikawiri kumatsalira amayi ndi ana aakazi. Mtsikana amakhala pansi atatambalala, mulu wa masamba uli pambali, singano ndi chingwe zili m'manja, kuboola tsamba ndi tsamba, zala zitada bii ndi utomoni womata umene sopo sauchotsa msanga, mpaka mikangala itadzaza. Kukubwera kusankha fodya, kukubwera kudinda mabelo. Msika ukamatsegulidwa cha mu Epulo, chimanga, soya ndi mtedza nazo zikudikira kukolola.

Tisaname, mnyamata nayenso amakhetsa thukuta. Koma ntchito ya mnyamata ili ndi pothera. Akaweruka kumunda amasamba, amadya, kenako madzulo ndi ake: amatola chikulunga chake cha majumbo ulendo wa kubwalo, ndipo palibe amene amati mwanayu walowerera. Mlongo wake akaweruka kumunda komweko pakumudikira chidebe cha kumjigo, nkhuni, mbale, mwana wa kumsana, chimanga cha kuchigayo ndi nsima ya usiku. Luso la mpira limakula ndi maola amene mwendo wakhudza mpira pakati pa zaka 7 ndi 15. Mnyamata amawapeza maolawo ulere tsiku ndi tsiku. Mtsikana amachita kuba, ndipo akagwidwa amamva kuti "ndiwe mwana wamkazi iwe, ukufuna ukhale chiyani?"

Kwa ana a m'maesiteti vutoli limawirikiza. Kwa zaka zambiri minda yaikulu ya ku Kasungu inkayenda ndi matenanti, mabanja ochokera kutali, ambiri kummwera, amene ankalandira chakudya pangongole n'kudzalipidwa fodya akagulitsidwa. Nyumba ya Malamulo inathetsa mchitidwewu mu 2021 posintha lamulo la ntchito, koma mabanja osamukasamuka kutsata ganyu akadalipo. Mwana amene chaka chino ali sukulu iyi, chaka chamawa ina, ndipo pakati pa teremu amajomba chifukwa cha kuchigafa, sangakhazikike mu timu iliyonse, ngakhale atakhala ndi mwendo wa Temwa.

Tsono tiyerekeze kuti wapeza nthawi. Akasewera kuti? Pitani pa sukulu ya pulayimale iliyonse cha m'ma 4 koloko. Bwalo lalikulu, la magolo a mitengo ya bulugamu, lili m'manja mwa timu ya anyamata a m'mudzi, ena a iwo ndevu pepeya, amene sukuluyo anaisiya kalekale. Palibe pomwe zinalembedwa kuti bwalolo ndi lawo, koma aliyense akudziwa. Atsikana ali pakona, kuseri kwa makalasi, kusewera fulaye kapena kuponyerana mpira pa kabwalo ka ntchemberembaye. Pa tsiku la bonanza, akaloledwa kusewera mpira wa miyendo, amawaika masana dzuwa lili paliwombo kuti akhale otsegulira masewero a anyamata. Amafika atamanga chitenje pamwamba pa kabudula, n'kuchimasula woyimbira atatsala pang'ono kuliza wezulo. Majezi ndi obwereka kwa anyamata, ofika m'mawondo. Anthu amabwera ndithu, koma ena amabwerera kudzaseka. Ndipo zikho zimene aphungu ndi ofuna uphungu amakhazikitsa chisankho chikayandikira zimatsata njira yakale yomwe ija: ndalama zambiri ku mpira wa anyamata, zotsala ku ntchemberembaye, mpira wa miyendo wa atsikana osautchula.

Pomwe timataya atsikana ambiri ndi pa kutha msinkhu. Mwana wa zaka 10 akamathamanga ndi anyamata anthu amangoseka. Akakula, malangizo amasintha: wakula tsopano, khala bwino, usamadumphedumphe pamaso pa amuna. Pamabwera zonena zoti mpira umaumitsa thupi, kuti sadzabereka, kuti palibe mwamuna adzamufune. Zonsezi n'zabodza, ndipo osewera ambiri padziko abereka n'kubwereranso m'bwalo. Kuyambira 2021 malamulo a FIFA amapatsa wosewera woyembekezera tchuthi cha milungu yosachepera 14. Koma palinso mavuto enieni amene sitiwatchula chifukwa cha manyazi. Mtsikana amene ali kumwezi, wopanda mapadi, pa bwalo lopanda chimbudzi kapena pobisalira posintha zovala, sabwera ku maphunziro a mpira sabata imeneyo. Zikachitika kangapo amangosiyiratu. Ndipo ukwati uli pakhomo: kafukufuku wa boma wa 2015-16 anapeza kuti atsikana pafupifupi 42 pa 100 aliwonse m'Malawi ankakwatiwa asanafike zaka 18. Malamulo oyendetsera dziko anasinthidwa mu 2017 kuti ukwati uziyambira pa 18, koma aliyense wa kudera la fodya akudziwa zimene zimachitika ndalama za okushoni zikalowa m'matumba mwa amuna.

Amene wapirira n'kukhala katswiri amakumana ndi chipongwe china. Mtsikana akathamanga kwambiri, akakhala ndi minofu, akamwetsa zigoli zambiri, ochemerera a timu inayo amayamba kukuwa kuti ameneyo ndi mwamuna. Tabitha Chawinga anauza nyuzipepala ya The Guardian mu 2021 kuti ali mtsikana kuno kumudzi anamuvulapo zovala pa masewero kuti atsimikize kuti ndi mkazi. Barbra Banda wa ku Zambia, amene anamwetsa zigoli zitatu zitatu m'masewero awiri otsatizana pa Olympics ya ku Tokyo, sanasewere nawo WAFCON ya 2022 chifukwa cha nkhani ya kuyeza thupi. Mu 2024 yemweyo anasankhidwa kukhala wosewera wamkazi wopambana mu Africa. Taonani msamphawo: ukasewera mofooka akuti akazi satha mpira, ukasewera bwino akuti si mkazi.

Pali mantha amodzi a makolo amene sindingawanyoze. Mayi akamakana kuti mwana wake akwere lole ndi mphunzitsi wamwamuna kupita ku masewero kutali, n'kubwerako usiku, si umbuli. Nkhanza za aphunzitsi ndi akuluakulu a mpira kwa osewera aakazi zamveka m'mayiko olemera ndi osauka omwe. Yemwe anali mtsogoleri wa bungwe la mpira la Spain, Luis Rubiales, anapsompsona wosewera Jenni Hermoso popanda chilolezo dziko lonse likuonera, pa tsiku limene timu ya amayi ya dzikolo inatenga chikho cha dziko lonse cha 2023. Ngati zinachitika pamaso pa makamera, kuli bwanji kuseri kwa lole pa msewu wa fumbi? Yankho lake si kutsekera atsikana m'nyumba, koma kuti pa timu iliyonse pakhale mayi wamkulu amene makolo akumudziwa. Apa Kasungu ili ndi chuma chimene sichigwiritsidwa ntchito mokwanira: sukulu yophunzitsa aphunzitsi ya Kasungu TTC. Mphunzitsi wamkazi amene watuluka kumeneko akudziwa kuyendetsa timu ndi kuyimbira mpira angatsegule zitseko zimene chikalata cha FIFA sichingatsegule, chifukwa iye angathe kukhala pamphasa ndi mayi wa mwana n'kunena kuti, "Amayi, mwanayu ndimutenga ine, ndipo ndimubweza ine dzuwa lisanalowe."

Kumtunda zinthu zikusuntha, tisakane. Mu Okutobala 2023 Scorchers, motsogozedwa ndi mphunzitsi Lovemore Fazili, inatenga chikho cha mayiko a kummwera kwa Africa cha COSAFA itagonjetsa Zambia 2-1 ku Pretoria, zigoli za Asimenye Simwaka ndi Sabinah Thom. Simwaka yemweyo ndi wothamanga amene waimirapo Malawi ku Olympics. Mu 2025 kunayamba ligi yoyamba ya amayi ya dziko lonse, ya matimu 10, mothandizidwa ndi National Bank of Malawi. Bungwe loyendetsa mpira mu Africa la CAF linaika lamulo loti kalabu ya amuna yofuna kusewera m'mipikisano yake ikhale ndi timu ya akazi, ndipo lero Bullets, Silver ndi Wanderers zonse zili ndi matimu a amayi. Sukulu ya mpira ya Ascent Soccer ku Lilongwe imatenga anyamata ndi atsikana, kuwaphunzitsa m'kalasi ndi pabwalo pomwe, ndipo ndi kumene kunachokera Faith Chinzimu, amene anapita ku BK Häcken ya ku Sweden, ndi Rose Kabzere, amene anapita ku Montpellier ya ku France.

Koma yang'anani komwe matimu a ligiyo ali: ambiri ndi a ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu. Kasungu ili pa msewu wa M1, makilomita pafupifupi 130 kuchokera ku Lilongwe, ili ndi sitediyamu pa boma, ili ndi Kamuzu Academy ku Mtunthama ndi mabwalo ake okongola chiyambire 1981. Ngakhale zili choncho, mtsikana wa kwa Wimbe kapena kwa Chulu amene ali ndi luso ayenera kuchoka kwawo ali wamng'ono kuti aonedwe, monga anachitira Tabitha zaka zoposa 15 zapitazo. Sukulu imodzi ya mpira, ngakhale ikhale yabwino chotani, imatenga ana owerengeka. Chimene chikusowa n'chosasangalatsa kuchikamba pa wailesi: ligi ya masukulu a m'zoni imodzi, ya atsikana osapitirira zaka 14, yoseweredwa mlungu ndi mlungu kuyambira Meyi mpaka Ogasiti pamene ntchito ya kumunda yapepuka, masukulu ake oyandikana kuti ana aziyenda wapansi. Pamodzi ndi zimenezo, komiti ya sukulu ndi nyakwawa agwirizane poyera kuti masiku awiri pa sabata bwalo lalikulu ndi la atsikana. Zimenezi sizifuna madola, zimafuna mipira ingapo ndi munthu wolimba mtima wokauza anyamata a ndevu aja kuti lero Lachiwiri, tulukani.

Mipira ndi majezi zomwezo wina ayenera kugula, ndipo apa Kasungu ili pa mpanipani wakewake. Chuma chachikulu cha bomali chili m'manja mwa makampani ogula fodya monga Limbe Leaf, Alliance One ndi JTI. Koma mpira wa dziko lonse unasiyana ndi fodya kalekale; FIFA siilola malonda a fodya pa mipikisano yake, ndipo mu 2023 Malawi inalowa nawo m'pangano la bungwe la WHO lochepetsa kusuta, limene limatsutsa kuti makampani a fodya azidzitsatsa kudzera m'masewero. Dzina la kampani ya fodya pa jezi ya mwana wa zaka 13 silingakhale bwino, ndipo sindikulipempha. Komabe makampani omwewa amanena chaka ndi chaka kuti akulimbana ndi mchitidwe wogwiritsa ana ntchito m'minda ya alimi awo, ndipo amaika ndalama pa ntchitoyo. Mtsikana amene ali pabwalo 4 koloko sali kuchigafa. Ndalama zimenezo zingadutse ku khonsolo kapena ku makomiti a sukulu popanda chikwangwani cha kampani, n'kuphatikizana ndi kagawo ka thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu, limene nthawi zambiri limathera pa milatho ndi midadada ya makalasi. Ogula soya ndi mtedza, amene akuchulukirachulukira pa boma, ku Chinkhoma ndi ku Santhe pamene alimi ena akuchepetsa fodya, alibe chiletso chilichonse chowatsekereza kulemba dzina lawo pa jezi.